Baji ya Kukonzekera Khanda

Thabwa lositirapo zovala lija linali lokutidwa ndi nsalu ya maluwa ofwifwa, ndipo chakumapeto kwake kunali chipsera cha simbi chooneka ngati mutu wa mlamba. Polifutukula linkalira ngati chitseko cha khola. M'nyumba ya mwana wanga wamkazi ku Erdington, kudziko la azungu, munalibe tebulo lina loti mwana n'kuphunzirirapo, choncho Lachiwiri lililonse madzulo mdzukulu wanga ankalikokera pakati pa balaza. Ankayamba wasitirapo sikafu yake ya Sikauti, kenako n'kulitsitsa kuti lifike pachifuwa pake, n'kuikapo laputopu. Kalasi yonse inkachitika m'fungo la nsalu yotentha.

Ine ndinali nditapita kumeneko kukacheza miyezi yochepa, mayi wa ana anga atatisiya. Kenako kunagwa mliri uja, ndege zinaima, ndipo mlendo ndinasanduka wapakhomo. Mwana wanga ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kudzutsa ndi kusambitsa azungu oposa ine msinkhu. Akaweruka ankavulira yunifomu pakhomo n'kuiponya m'jumbo, osapatsa munthu moni mpaka atasamba. Mkamwini wanga, namwino pachipatala chachikulu cha ku Walsgrave mumzinda wina wotchedwa Coventry, anakapeza kachipinda ku Hillfields kwa anyamata a ku Zambia, poopa kundibweretsera matenda. Chifukwa cha nkhalamba imodzi, banja linkagona pawiri. Palibe anandiuza zimenezo, koma ndinkazidziwa.

Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, kusukulu ya kwacha, pabenchi limodzi ndi amayi a msinkhu wa ana anga. Chingerezi ndimangotola mawu apa ndi apo ngati nkhuku pabwalo. Komabe kalasi ya mdzukulu wanga sindinkaiphonya. Ndinkakhala pampando wapakona, pamene kamera siinkafika, n'kumayang'ana ana ali m'timabokosi tawo ta pa laputopu ngati nkhunda m'khola, aliyense ndi sikafu m'khosi. Aphunzitsi anali mayi wachizungu wa tsitsi lalifupi la imvi, ndipo anali ndi galu amene ankauwa nthawi zonse mwana wamanyazi akangoyamba kuyankhula.

Mdzukuluyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, wobadwira konko. Chichewa ankamva ndithu, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi. Ndikamuitana kuti “akazi anga”, monga tichitira ndi adzukulu, ankakwinya nkhope n'kunena kuti akandinenera kupolisi. Ndiye amene anandimasulira nkhani ya baji. Mwana aliyense asankhe udindo umodzi wa pabanja, augwire nyengo yonse ya dzuwa ija, ndipo sabata iliyonse azionetsa pakamera zimene wachita. Tsiku lomaliza munthu wamkulu wa m'nyumbamo adzakhale naye pakamera kuchitira umboni, ndipo baji idzabwera pa positi.

Mnyamata wina anasankha kutulutsa mabini a zinyalala. Wina anati azitsuka mbale. Itafika nthawi ya mdzukulu wanga, anaimirira ngakhale kuti kuimirirako kunadula mutu wake pakamera, n'kunena mokweza kuti mayi ake adzakhala ndi khanda, ndipo udindo wake ndi kulikonzekera. Timabokosi tonse tinaomba m'manja. Ine ndinayang'ana pansi. Kwathu mimba siilengezedwa, imadzilengeza yokha, ndipo ngakhale itero, bambo wa mkaziyo saiona. Koma makolo ake anali atamuuza, monga achitira kumeneko, ndipo pachitseko cha firiji anamatapo kachithunzi kakuda ka kuchipatala, kooneka ngati mtambo wa mvula. Ndikafuna mkaka ndinkatsegula firijiyo nditatembenuzira nkhope kuzenera.

Mwanayo anaigwira ntchito ndi mtima wonse. Anakhuthula dirowa yapansi m'chipinda chake n'kuyalamo mapepala oyera. Anaphunzira kuyesa madzi osamba ndi chigongono. Tsiku lina anabwera kwa ine ndi chitenje cha mayi ake ndi chidole cha dazi, kuti ndimuphunzitse kubereka mwana kumsana. Ndinayesa. Ndinawerama, ndinakoka nsalu uku ndi uku, ndipo chidole chinatsetsereka n'kugwa chamutu pakapeti. Anaseka mpaka kugona pansi, n'kundifunsa kuti kodi ana anga onse aja ndinkawanyamula bwanji. Ana anga anakula osaudziwa msana wanga. Pali zambiri zimene msana umenewu sunanyamule, koma si zimene ndakhalira pansi kuti ndilembe.

Mayi ake ndiwo anamuphunzitsa, atangotuluka kosamba. Anamuweramitsa, anamuika chidole pamsana, anamuonetsa pomangira mfundo yapamwamba ndi popisa yapansi. “Osamanga ngati katundu wa pa eyapoti, apume mwanayo,” anatero akuseka. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti kumeneko kunali kuseka komaliza kwa mwana wanga nyengo imeneyo.

M'mawa wina anabwerako kuntchito dzuwa lisanakwere, pa takisi, pamene masiku onse ankakwera basi. Sanavule yunifomu pakhomo. Anakwera masitepe atagwira khoma. Masana kunabwera ambulansi, ndipo anapita yekha, chifukwa masiku amenewo kuchipatala sankalola woperekeza. Mdzukulu wanga ndinamuuza kuti mayi ake apita kukayezedwa, ndipo zimenezo ndi zimene inenso ndinkafuna kukhulupirira.

Atatulutsidwa, mkamwini ndiye anabwera naye. Anamulowetsa, kenako anandiitanira kuseri kwa nyumba, kumene kunali kabwalo ka udzu ndi chingwe choyanikapo. Anaima patali, chophimba pakamwa chili kumaso.

“Bambo, zapita padera.”

“Pepani,” ndinatero.

“Ndi mmene zakhalira.”

Tinaima amuna awiri tikuyang'ana mpanda wa matabwa. Panali njiwa zonenepa za kumeneko zikulira padenga la oyandikana nawo. M'mawa mwake anabwerera ku Coventry, chifukwa kuwodi kwake anthu ankamwalira ndipo anamwino anali ochepa.

Malangizo anachokera kumudzi, pafoni, kwa mng'ono wake wa malemu mkazi wanga. Makoma a nyumba zogundana zija ndi opyapyala, moti ndinamva zonse ndili pabalaza. “Usalire, mwana wanga. Zoterezi sitilira, ungatseke njira ya ena obwera. Mchere usathire m'ndiwo mpaka ndidzakuuze. Kamtsikanako musakauze kanthu, kaiwala kokha.” Mwana wanga ankangoti, “Chabwino amayi. Ndamva amayi.”

Mayiyo sindimuimba mlandu. Ananena zimene iyenso anauzidwa. Kumudzi mwambo umenewu uli ndi miyendo yake yoyendera. Inde salira, koma amayi amabwera. Amakutenga, amakusambitsa, amakuphikira phala, amakhala nawe pamphasa masiku ambiri akukamba za nkhuni ndi za mbuzi ya uje, ndipo wina amakunong'oneza kuti nayenso zinamuonekera. Ana amakhala ali kudambo ndi anzawo, amaiwaladi. Koma pafoni panadutsa theka lokha la mwambo. Kukhala chete kunafika ku Erdington. Amayi a pamphasa anatsala kumudzi. M'nyumbamo munali ine ndekha, mwamuna, ndiponso bambo wake, munthu amene mwambo womwewo umati asadziwe kanthu.

Ndipo kamtsikanako kakanaiwala bwanji, pamene Lachiwiri lililonse aphunzitsi ankakafunsa kuti kachita zotani pokonzekera khanda?

Nthawi yophika ikafika, mayi ake ankamuitana kuti adzathire mchere. Mwanayo anakondwa nayo ntchito yatsopanoyo. Anaiwonjezera pa udindo wake n'kukauza kalasi kuti tsopano ndiye wamkulu wa mchere m'nyumba yonse. Aphunzitsi anamuyamikira. Ndiwo zinkatuluka tsiku lina zowawa, tsiku lina zosamveka kanthu, ndipo tinkadya osadandaula. Kachithunzi kaja kanachoka pafiriji. Mwanayo anakafunafuna pansi pa firiji ndi tochi, ndipo atakasowa anati ndine ndakataya poganiza kuti ndi pepala lakuda. Ndinavomera mlanduwo.

Mayi wina wa kumpingo, amene sanamve zimene zinachitika, anasiya pakhomo jumbo ya zovala za khanda zimene ana ake anakula nazo. Mdzukulu wanga ndiye anaipeza. Anazichapa yekha m'bafa, ndi manja, n'kukaziyanika kuseri. Ndimaziona mpaka lero: timalaya toyera ndi tachikasu, timasokosi tosakwana chala changa chachikulu, tikugwedezeka pachingwe moyang'anizana ndi zenera la chipinda cha mayi ake. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kufuula mawu a mafuno abwino. Katani wa chipinda chija sanatsegulidwe tsiku limenelo, ngakhale m'mawa mwake.

Chimene chinkandipweteka koposa chinali cha m'mawa. Mayi ake akakhala pampando kumwa tiyi, mwanayo ankagwada n'kugunditsa khutu pamimba pawo. Ankamvetsera nthawi yaitali, kenako n'kudandaula kuti mng'ono wakeyo ndi waulesi, sasuntha. “Akugona,” mwana wanga ankatero, maso ali pakhoma, dzanja lili m'mwamba osadziwa poliika.

Sanachedwe kubwerera kuntchito. Anayamba kutenga mashifiti a Lachiwiri madzulo. “Kuntchito kuli shoti, antchito achepa, ababa, manijala wandipempha,” ankatero akumanga nsapato. Ndinkadziwa amene anapempha mnzake. Nkhope yake inaphwa, mkanda wa m'khosi unayamba kulendewera. Sankalira, monga anauzidwa. Ndinkamumva akuyenda m'chipinda chake, kuchoka kuzenera kupita kuchitseko, kuchoka kuchitseko kupita kuzenera. Ndinayamba kuopa zinthu ziwiri zimene kwenikweni chinali chimodzi: kuti mwana wanga aphulika, ndiponso kuti mdzukulu wanga adzamva nkhaniyi pamalo olakwika. Tsiku lomaliza la kalasi linkayandikira, tsiku loti munthu wamkulu akhale pakamera.

“Akhala nawe agogo,” anatero mayi ake.

Mwanayo anakana. Anati agogo sadziwa Chingerezi, komanso anagwetsa khanda chamutu. Bambo ake anali kuwodi. Anati ana onse adzabwera ndi makolo awo, ndipo ntchito yonseyi waigwirira mayi ake, ndiye akanene ndani? Mwana wanga anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Chabwino, ndidzakhalapo.”

Tsikulo masana ndinam'peza kukhitchini akudikira ketulo. Ndinaima pakhomo ngati mlendo wodzapempha moto. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanayankhulepo ndi mwana wanga wamkazi nkhani yotere.

“Mayi, madzulo ano aphunzitsi aja akhoza kufunsa.”

“Ndikudziwa, ababa.”

“Mwina mwanayu mukanamuuza kalasi isanayambe.”

Anatembenuka. “Ndimuuze ndi mawu ati? Amayi aang'ono anati ndisalire, sindinalire. Anati ndisathire mchere, sindinathire. Palibe anandiuza chochita ndi mwana amene akusita matewera. Mawu a Chingerezi ndili nawo, ndimawanena kuntchito kwa achibale a anthu ena, ndi tiyi m'manja. Amenewo sindingamuuze mwana wanga.” Kenako anandiyang'ana. “Inu mungamuuze, ababa? Amakumverani.”

Sankanyoza. Ankafunsadi, ndipo anadikira. Ine ndinayang'ana manja anga. Ndinkafunafuna poyambira, ndipo chilichonse chimene ndinkapeza chinali mawu amene mwamuna satchula. Ketulo inawira n'kuzima yokha. Kenako tinamva mwanayo akutsika masitepe, akufunsa amene wabisa kamphete komangira sikafu, ndipo mpata unatha. Ndakhala ndikuuyeza mpata umenewo zaka zonsezi. Unali wokwanira.

Mwana wanga anavala bulauzi ya kutchalitchi, anapaka milomo, anakhala pampando pambali pa mwana wake. Dzuwa la kumeneko nyengo imeneyo sililowa msanga, linkalowa pazenera n'kumuwalira mbali imodzi ya nkhope. Ine ndinali pakona panga.

Anayamba ena. Bambo wa mnyamata wa mabini anati mwana wake waiwala kamodzi kokha, ndipo msewu wonse unadziwa chifukwa cha fungo. Onse anaseka. Mayi wina anaonetsa mbale imene inasweka potsukidwa. Galu wa aphunzitsi anauwa. Kenako anaitana mdzukulu wanga.

Anaimirira chidole chili kumsana, mfundo yomangidwa bwino. Anatembenuka kuti onse aone. Anaonetsa timalaya topindidwa, kamodzikamodzi. Anafotokoza za madzi ndi chigongono, za mchere, za mmene khanda amaligonekera chagada. Sanaphonye kanthu. Ndinaona kuti ndi mwana wanzeru, wa manja abwino, ndipo mtima unandiwawa.

Aphunzitsi anafunsa mayi ake ngati mwanayo wagwiradi ntchito yake. Mwana wanga anayankha m'Chingerezi chosalala, chimene ngakhale ine ndinachimva: wachita zonse, tsiku lililonse, sanatumidwe kawiri. Ndinapuma. Ndinaganiza kuti tawoloka. Koma aphunzitsi, mwa ubwino wa mtima wawo, anamwetulira n'kufunsa kuti khanda lamwayi limeneli tiliyembekezere liti.

Mdzukulu wanga anatembenukira kwa mayi ake, maso ali gwa, chifukwa nayenso ankafuna kumva tsikulo.

Mwana wanga anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anayesanso. Chimene chinatuluka chinayambira pansi, m'mimba, ngati kubuula kwa ng'ombe, kenako chinakwera n'kusweka. “Mayo ine! Mwana wanga ine! Ndinakusiya kwa alendo ine!” Anagwira mutu ndi manja onse awiri, thupi likupita kutsogolo ndi kumbuyo. Kulira kumeneko ndakumva kuyambira ndili wamng'ono. Ndinakumva komaliza pamanda a mayi ake. Sindinaganizepo kuti kungakwane m'kabalaza ka kapeti, pakati pa wailesi yakanema ndi chotenthetsera nyumba.

M'timabokosi muja munalibe woyenda. Ana anangoti kakasi, makolo awo ali kumbuyo. Aphunzitsi anagwira pakamwa. Anali mayi wachikulire, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti amva zonse popanda womasulira. Anayankhula mofulumira kuti mtsikanayu wapambana, baji yake ibwera, ndipo kalasi yathera pomwepo. Timabokosi tinayamba kuzima, kamodzi, kenako kena. Amenewo ndiwo anthu amene anafika pamaliro a mdzukulu wanga wachiwiri: ana a eni ovala masikafu, ndi mayi wachizungu wa galu.

Pasiwa amuna timakhala panja. Koma kunalibe mayi woti alowe. Ndinadzuka pampando wanga, ndinavula chipewa, ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi a mwana wanga, miyendo yotambasula. Sindinamugwire, sindinadziwe kagwiridwe kake. Sindinamuletse. Ndinangokhala, ndipo iye analira mpaka bulauzi inanyowa.

Mwanayo anauzidwa m'mawa mwake, m'chipinda cha mayi ake, chitseko chotseka, ndipo zimene zinanenedwa mmenemo ndi zawo awiriwo. Chimene ine ndinatsala nacho ndi madzulo aja. Pa zonse zimene aphunzitsi ananena, iye anamva chimodzi, chakuti wapambana. Nkhope yake inali yowala. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana ine ndili pansi, ndipo kuwalako kunayamba kusakanikirana ndi kudabwa. Iye anali ataonapo azimayi a pa wailesi yakanema akugwetsa misozi ana awo akalandira mphoto, ndipo anaganiza kuti ndi zomwezo, kungoti za kwathu zimakhala zaphokoso. Anasendera kwa ine, n'kuwerama, n'kundinong'oneza m'Chichewa chake chimene ankasungira nthawi zikuluzikulu.

“Agogo, amami akondwa? Kumudzi amakondwa chonchi?”

Anali asanapondepo pamaliro. Anali asanadziwe kuti kwathu kuli kulira kumene munthu ukakumva uli kumunda sufunsa kuti kwagwanji, umangosiya khasu pamzere n'kuyamba kuyenda. Anaima pamenepo akudikira yankho langa, akudzigwedeza pang'onopang'ono kuti wa kumsanayo asadzuke.